Magalasi a VR ndi mkono wa wodwala sitiroko: kafukufuku akutiuza chiyani kuno ku Sadzi?

Aliyense amene anadikirirapo wodwala sitiroko akudziwa kuti ntchito yaikulu imayamba tsiku lotuluka m'chipatala. Tiyerekeze bambo ena a zaka za m'ma 50 okhala m'munsi mwa phiri la Sadzi kuno ku Zomba, atelala amene adyetsa banja lawo ndi makina osokera kwa zaka zambiri. Agwa m'bandakucha popita kukasamba, pakamwa papotoka, mkono wamanja walendewera ngati si wawo. Athamangira nawo ku Zomba Central Hospital, achipatala achita mbali yawo, moyo wapulumuka. Patapita masiku angapo akuuzidwa kuti abwerere kunyumba, azibwera kudzachita mafizo.

Mawu akuti "azibwera" ndi opepuka pakamwa. Munthu wofooka mbali imodzi sakwera kabaza yekha, pamafunika wina womugwirira kumbuyo, ndipo womugwirirayo ndi mayi a m'nyumba kapena mwana wamkulu amene tsiku limenelo akanakhala pa geni. Sabata yoyamba apita, yachiwiri apita, yachitatu ndalama yathera ku ufa ndi mankhwala a BP. Bambo aja akhala pakhonde, mkono uli pamiyendo, zala zayamba kupindika. Chomvetsa chisoni n'chakuti miyezi itatu yoyambirira ndi imene ubongo umakhala wokonzeka kwambiri kuphunziranso, ndipo ikudutsa iwo akungoonerera anthu opita kumsika.

Anthu otere si ochepa. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti mwa anthu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, pafupifupi mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wina amene anachitikira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogozedwa ndi Dr Laura Benjamin ndipo anatuluka mu 2016, anaonetsa kuti kuthamanga kwa magazi ndi kachilombo ka HIV ndi zimene zikutsogolera pobweretsa sitiroko kwa akuluakulu a ku Malawi. N'chifukwa chake kwathu kuno nthendayi imagwiranso anthu amene akadali ndi ana kusukulu. Onjezanipo ovulala pa ngozi za njinga zamoto, opsa ndi moto, ndi amene anathyoka ziwalo pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Onsewa amafuna chithandizo chobwezeretsa mphamvu m'ziwalo.

Pamene zinthu zili chonchi, maiko ena akukambirana za chipangizo chimene chikutchedwa virtual reality, mwachidule VR. Munthu amavala magalasi akuluakulu otseka maso, ndipo m'malo moona chipinda chimene alimo amaona dziko lopangidwa ndi kompyuta. Akatembenuza mutu, dziko lija limatembenuka naye. Akatambasula dzanja, amaona dzanja lake likuthyola chipatso kapena kuwakha mpira umene kulibe. Palinso mtundu wina umene sutseka maso, umangoonjezera zithunzi pa zinthu zenizeni, monga mmene achinyamata amadziikira zipewa ndi ndevu zabodza pa kamera ya foni. Mitundu yonseyi pamodzi amaitcha extended reality kapena XR. M'kafukufuku wa zachipatala amawerengeranso masewera a pa TV monga Nintendo Wii, amene munthu amasewera pogwedeza mkono ataima patsogolo pa sikirini.

Kodi zimenezi zikukhudzana bwanji ndi mkono wofooka? Sitiroko imaononga kachigawo ka ubongo kamene kankalamula chiwalo. Kachigawo kakufako sikadzukanso, koma zigawo zoyandikana nako zimatha kuphunzira ntchito ija ngati munthu akuyeserera mobwerezabwereza. Vuto lagona pa mawu akuti mobwerezabwereza. Pa zoyeserera zimene akatswiri anachita ndi nyama, ubongo unkasintha nyamazo zikabwereza kachitidwe kamodzi kambirimbiri, mazana angapo pa tsiku. Koma mu 2009 gulu la Catherine Lang litawerengera zimene zimachitika m'zipinda za mafizo ku America ndi ku Canada, linapeza kuti wodwala ankabwereza ntchito ya mkono ka 32 kokha pa ulendo umodzi. Kumeneko n'kumaiko olemera, kumene wodwala amaonana ndi katswiri pafupipafupi. Kunyamula kapu n'kuitsitsa ka 300 kumatopetsa ndipo kumagwetsa ulesi. Ganizo la opanga masewera a VR ndi lakuti munthu akatengeka ndi masewera, akuona mapointi akukwera, adzabwereza kambiri osazindikira.

Ganizoli ndi lomveka. Koma kumveka kwa ganizo ndi kuchira kwa munthu ndi zinthu ziwiri, ndipo apa ndi pofunika kumvetsera zimene zapezeka.

Bungwe la Cochrane limasonkhanitsa kafukufuku yense wodalirika pa mutu umodzi n'kuona chimene akugwirizana. Pa nkhani ya VR ndi sitiroko, ntchitoyi wakhala akuitsogolera Kate Laver wa ku Flinders University ku Australia kuyambira mu 2011. Lipoti la mu 2017 linaunika makafukufuku 72 a odwala 2,470, ndipo linapeza kuti ola limodzi la VR silinaposere ola limodzi la mafizo wamba pobwezeretsa mphamvu ya mkono. Phindu linkaoneka pamene VR yaonjezeredwa pamwamba pa mafizo a nthawi zonse, kutanthauza kuti wodwala wapeza nthawi yochulukirapo yogwiritsa ntchito mkono. Mu June 2025 kunatuluka lipoti latsopano, la makafukufuku 190 ndi odwala 7,188. Ulendo uno mawu asinthako pang'ono mokomera VR: poyerekeza ndi njira zina, ikhoza kuthandiza mkono mochulukirako pang'ono, komanso kuthandiza munthu kukhazikika poimirira. Pa liwiro la kayendedwe sipanaoneke kusiyana kwenikweni. Koma mfundo ya 2017 ija sinagwe. Phindu looneka bwino lili pomwe paja, pamene chipangizochi chaonjezera nthawi. Olemba lipotili anachenjezanso kuti makafukufuku ambiri anali a anthu ochepa, ndipo ochepa okha ndi amene anagwiritsa ntchito magalasi otseka maso amene timaona pa zithunzi zotsatsa malonda. Ambiri anali a masewera wamba a pa sikirini.

Kafukufuku amene ine ndimamuona wofunika kwambiri kwa ife ndi wa Dr Gustavo Saposnik wa ku Toronto, amene anatuluka mu 2016 m'magazini ya Lancet Neurology. Anatenga odwala 141 m'zipatala za ku Canada, Argentina, Peru ndi Thailand, onse asanathe miyezi itatu chigwidwire sitiroko, ndipo onse akulandira mafizo awo a masiku onse. Theka anawapatsa maola khumi oonjezera osewera Nintendo Wii pa masabata awiri. Theka linalo anawapatsa maola khumi omwewo, koma osewera zinthu wamba za pa tebulo: makadi, kusanja timatabwa ta Jenga, kuponya mpira. Pamapeto pake magulu onse awiri anapita patsogolo, ndipo panalibe gulu loposa linzake. Saposnik yemweyo ndi amene zaka zingapo m'mbuyomo anaonetsa pa kafukufuku wamng'ono kuti Wii ikulonjeza zabwino. Atayesa pa anthu ambiri, anavomereza poyera kuti masewera otchipa agwira ntchito yofanana. Kukhulupirika kotereku n'kosowa, ndipo n'koyenera kuyamikidwa.

Munthu wa ku Zomba akamva zimenezi saganiza za Jenga. Amaganiza za bawo. Kutola nkhomo m'dzenje, kuzifumbata, kuzigwetsa imodziimodzi motsatana, kutambasula mkono kukafika dzenje lakutali, zonsezi ndi ntchito imene zala ndi phewa la wodwala zikufuna, ndipo munthu amatha ola lathunthu pa bawo osadandaula chifukwa akufuna kudya mnzake. Kutong'ola chimanga, kusankha nyemba, kupinda zovala, kulowetsa batani m'bowo lake, zili m'gulu lomwelo. Atelala athu aja akhoza kuyamba ndi kugwira nsalu n'kuisalaza pa tebulo.

Tsono apa wina akhoza kunena kuti nkhani yatha, magalasi asiyeni kwa azungu, ife tiphunzitse achibale basi. Ndikanakonda zikanakhala zophweka chotero. Ku India anayesa zimenezi pa kafukufuku wamkulu wotchedwa ATTEND, wa odwala 1,250 m'zipatala 14, amene zotsatira zake zinatuluka mu Lancet mu 2017. Achibale a theka la odwalawo anaphunzitsidwa kuchititsa mafizo, kuchipatala komanso poyenderedwa kunyumba kangapo. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, chiwerengero cha omwalira kapena odalirabe thandizo la anthu ena chinali chofanana m'magulu onse awiri, pafupifupi 47 pa 100 aliwonse. India ndi dziko limene mabanja amasamalira odwala awo monga ife, choncho phunziroli ndi lathu. Chikondi cha pabanja chimasambitsa wodwala, chimamudyetsa, chimamuteteza ku zilonda za pogona. Koma kudziwa kuti lero mkono wafika pati, mawa tiuvutitse motani osauvulaza, ndi luso limene munthu amapitira kusukulu. Ndiponso mayi amene akutunga madzi, kuphika ndi kusaka ndalama sangakhalenso mphunzitsi wa mafizo maola awiri tsiku lililonse.

Ndiye chosowa chathu chenicheni ndi nthawi ya mafizo yoyang'aniridwa ndi munthu wodziwa. Malawi anayamba kuphunzitsa akatswiri a mafizo a digiri mu 2010 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, malo a bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, odwala amagonekedwa kuti aphunzirenso kuyenda ndi kudzisamalira. Zimenezi ndi zabwino, koma kuchoka ku Zomba kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 60, mabedi ndi owerengeka, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Mu May 2023 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti chithandizo chobwezeretsa mphamvu m'ziwalo chikhale mbali ya chithandizo cha zaumoyo cha aliyense, kuyambira kuzipatala zazing'ono. Kuti mgwirizano umenewu ufike pa Sadzi Health Centre pafunika anthu olembedwa ntchito ndi kulipidwa.

Apa ndi pamene VR ingakhale ndi malo ake, ngati tingaiyeze ndi muyeso woyenera. Katswiri mmodzi amene ali ndi odwala asanu ndi mmodzi pa benchi sangagwire mkono wa aliyense kwa ola lathunthu. Ngati awiri mwa iwo angakhale pa masewera amene katswiriyo wawasankhira, makina akuwerenga kuti abwereza kangati, pamene iye akugwira ntchito ndi wachitatu, ndiye kuti chipangizocho chaonjezera nthawi, chimene kafukufuku akuti n'chothandiza. Koma ngati chipangizocho chabwera n'cholinga choti tisalembe katswiri wina, kapena chagulidwa ndi ndalama imene ikanalipira mafuta oyendera odwala m'makomo, tataya chachikulu potola chaching'ono.

Palinso zina zimene sizioneka pa tsiku lopereka mphatso pamaso pa atolankhani. Magalasi a Meta Quest 3S anatuluka mu October 2024 pa mtengo wa madola 299 a ku America, ndipo amenewo ndi otchipa pakati pa anzawo. Mapulogalamu opangidwira zipatala amalipiridwa paokha, nthawi zambiri chaka ndi chaka, ndi ndalama zakunja zimene dziko lino likusowa, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023. Batire lake limatha pa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe wa Ana mu January 2022, pamene malo opangira magetsi a Kapichira anaonongeka n'kukhala osagwira ntchito kupitirira chaka. Chingwe chikaduka kapena galasi likasweka, adzakonza ndani? M'zipatala zathu muli zipinda zodzaza ndi makina amphatso amene anafa chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi.

Wodwalayo nayenso ali ndi zake. Ena magalasiwa amawachititsa chizungulire, nseru kapena mutu, ngakhale kuti malipoti akusonyeza kuti mavuto otere amakhala ochepa komanso osakhalitsa. Munthu wofooka mwendo amene watsekedwa maso akhoza kugwa, choncho pafunika wina pambali. Odwala khunyu ayenera kuyamba afunsa dokotala. Chipangizo chimene chikuchoka pankhope ya uyu kupita pankhope ya uyo chimafunika kupukutidwa bwino. Mayi wovala hijabu, kapena mayi aliyense, sangamasuke kutsekedwa maso m'chipinda chimene sakuona amene walowa, pokhapokha m'bale wake ali pomwepo. Nanga chilankhulo? Masewera ambiri amalankhula Chingerezi ndipo amatengera munthu m'sitolo yaikulu kukasankha zakudya za m'zitini. Agogo olankhula Chiyao kapena Chichewa, amene cholinga chawo ndi kuomola nsima, kumanga chitenje, kuchita wudhu popanda wowathirira madzi, adzaona ngati akuwaseweretsa.

Pali njira ina yakale imene imagwira ntchito ndi nzeru yofanana ndi ya VR, ndipo mtengo wake ndi wa galasi lodziyang'anira la pamsika. M'zaka za m'ma 1990, V. S. Ramachandran wa ku California anayamba kuigwiritsa ntchito pa anthu odulidwa mkono amene ankamvabe ululu m'chiwalo chimene kulibe. Wodwala amaika galasi choimika pakati pa manja ake awiri, dzanja lofooka kuseri, lamphamvu kutsogolo. Akamayendetsa lamphamvu akuyang'ana m'galasi, maso amauza ubongo kuti dzanja lofooka lija likuyenda. Lipoti la Cochrane la mu 2018, la makafukufuku 62 ndi odwala pafupifupi 2,000, linapeza kuti njirayi imathandiza kayendedwe ka chiwalo pambuyo pa sitiroko, makamaka ikaonjezeredwa pa mafizo ena. Galasi silifuna magetsi ngakhale intaneti. Chimene limafuna ndi munthu wodziwa woti aonetse wodwala kachitidwe kake, ndipo tabwereranso pa vuto lija la kuchepa kwa akatswiri.

Pa opsa ndi moto nkhani ndi yosiyanako, ndipo kumeneko magalasi ali ndi mphamvu imene bawo alibe. Kutsuka chilonda chamoto ndi kuongola khungu lokokana ndi ululu woopsa. Hunter Hoffman ndi David Patterson a ku University of Washington anapanga masewera otchedwa SnowWorld, momwe wodwala amayenda m'dziko lozizira la chipale chofewa pamene anamwino akugwira chilonda, ndipo odwala ambiri ananena kuti ululu unachepa chifukwa maganizo anali kwina. Ku South Africa, Linzette Morris ndi anzake a ku Stellenbosch University anayesa chipangizo chotchipa pa akuluakulu 11 opsa ndi moto ku chipatala cha Tygerberg, zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Anapeza kuti n'zotheka kuchigwiritsa ntchito m'chipatala cha boma, ululu unatsikako, koma anthu 11 ndi ochepa kwambiri kuti munthu amangepo mfundo. Aliyense amene analowapo m'chipinda cha ana opsa ndi phala kapena mbaula m'miyezi yozizira ya June ndi July akhoza kuona kuti ngati pali poyambira kuyesa kwathu kuno, ndi pamenepo.

Anzathu a ku Zambia anayambira mbali ina. Ku University Teaching Hospital ku Lusaka anagwiritsa ntchito magalasi a Oculus Rift pophunzitsa madokotala achinyamata opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ntchitoyi inalembedwa m'magazini a zachipatala mu 2019. Chipangizo chimodzi chophunzitsira ogwira ntchito zachipatala chimafikira odwala ambiri kuposa chipangizo chimodzi chovala wodwala mmodzi.

Sitikusowa chitsanzo cha chipangizo chimene chinapangidwa poyang'ana mmene zinthu zilili kwathu. Makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, anapangidwa ndi a Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala a ku Queen Elizabeth, pogwiritsa ntchito timapampu totchipa ta m'mathanki oweteramo nsomba, ndipo anayesedwa pa ana a ku Malawi asanafalitsidwe m'zipatala za m'maboma. University of Malawi ili konkuno ku Chirunga, ulendo waufupi kuchokera ku Sadzi, ndipo imaphunzitsa achinyamata kupanga mapulogalamu a kompyuta. Wophunzira wa kumeneko atakhala pansi ndi katswiri wa mafizo wa pa Central, akhoza kupanga masewera a pa foni wamba, olankhula Chichewa ndi Chiyao, owerenga kuti dzanja lakwera kangati lero ndi kutumiza chiwerengerocho kwa katswiri. Akatero ayeneranso kuwayesa monga anachitira Saposnik, powayerekeza ndi bawo ndi galasi pa nthawi yofanana, ndi kuvomereza zotsatira zake ngakhale zitawawa.

Mabungwe akadzabwera ndi magalasi m'dera lathu, atsogoleri a m'midzi, a m'mizikiti ndi a m'matchalitchi ali ndi ufulu wofunsa. Ngati ndi kafukufuku, aonetse chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo, monga National Health Sciences Research Committee kapena COMREC. Wodwala afotokozeredwe m'chilankhulo chake, ndipo adziwe kuti akakana sataya chithandizo chake. Zipangizozi zimasunga mmene munthu amayendetsera mutu ndi manja, choncho afunsidwe kumene uthengawo ukupita, pakuti kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu. Afunsidwenso ngati maola a mafizo a wodwala achuluke kapena angosinthidwa, komanso amene adzalipire pulojekiti ikatha. Ndipo wamalonda aliyense wonena kuti magalasi ake amachiritsa sitiroko, banja lisagulitse munda chifukwa cha iye.

Kwa banja la atelala aja, ulendo wotsatira wa ku Central ukhale ndi kope ndi cholembera. Afunseni a mafizo kuti ndi ntchito ziti zitatu zimene mkono uyenera kuchita sabata ino, kangati pa tsiku, ndi chizindikiro chanji chimene chikaoneka muyenera kusiya. Afunseni ngati galasi lingawathandize bambowo, ndipo akuonetseni kaikidwe kake. Musawadzutse powakoka mkono wofookawo, phewa limaguluka msanga ndipo ululu wake umalepheretsa mafizo onse. Mankhwala a BP asadumphe tsiku. Powerengera, ikani nyemba 50 m'mbale imodzi, azisamutsira m'mbale ina ndi dzanja lodwalalo, ndipo mulembe m'kope kuti lero zatenga mphindi zingati. Tsiku lobwerera kuchipatala, Insha Allah, mukawaonetse a mafizo kopelo.